Nyimbo ya Shafi Itatsikira ku Boma

Ku Katuli kunali gulu la amayi oimba kaswida, nyimbo za Asilamu zotamanda Mulungu, ndipo mtsogoleri wake anali Shamima. Anali mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, wolima nandolo ndi mtedza ngati anzake onse. Koma akati wayambitsa nyimbo, ngakhale ana osewera mpira kuseri kwa mzikiti ankayamba aima. Gululo linalibe zambiri. Linali ndi ng'oma zam'manja za chikopa cha mbuzi, zimene kumeneko amazitcha dufu, mipango yoyera yomwe inali itayamba kufiira ndi fumbi, ndi mawu awo basi. Komabe kuyambira pamsika wa Katuli mpaka midzi ya m'malire a Mozambiki, ukwati unkaoneka woperewera ngati amayiwo sanaitanidwe.

Mwana woyamba wa Shamima, Shafi, anapita ku Joni monga ankachitira anyamata ambiri a kumeneko. Anasiya mkazi wake Safia ali ndi khanda kumsana. Chaka choyamba anatumiza foni yabwino ndi malata ofolera nyumba. Kenaka mauthenga anayamba kuchepa. Pamene anabwerera kwawo anabwera m'bokosi, pangolo yokokedwa ndi galimoto, pamodzi ndi mafiriji, matiresi ndi njinga za anthu ena. Anzake anati anadwala chifuwa m'nyengo yozizira, ndipo ankaopa kupita kuchipatala chifukwa mapepala ake anali atatha mphamvu.

Pamaliro Shamima sanalire mokweza. Anthu anadabwa, ena mpaka kumunena. Misozi yake inadzatuluka mvula itagwa, ali yekha m'munda akupalira. Khasu likamenya pansi, mawu ankabwera okha, ndipo pofika nthawi yobandira anali ndi nyimbo yathunthu. Inali pemphero la mayi wopempherera ana amene ali kunja kwa dziko, ndipo pobwereza pake pankati:

"Ya Allah, njira munaitsegula ndinu,
abwere akuyenda okha,
asabwere atanyamulidwa."

Woyamba kuimva anali a Awa, mayi wamkulu pa onse m'gulumo, amene ankasunga madufu kunyumba kwawo. Anamvetsera, kenaka anatenga dufu n'kuyamba kuimenya pang'onopang'ono, ngati mapazi a munthu wotopa.

"Iyi siifuna changu," anatero a Awa. "Ukaithamangitsa waipha."

Anakaiimba koyamba pa ziyala, chikondwerero cha kubadwa kwa Mtumiki, chimene chaka chimenecho chinachitikira ku Chowe. Magulu anali ambiri, ena ochokera ku Boma ali ndi zokuzira mawu zawozawo. Amayi a ku Katuli anaimba opanda chilichonse, koma bwalo lonse linangoti zii. Kunalibe banja pamenepo limene linalibe munthu ku Joni. Amayi ena anaphimba nkhope ndi mipango, abambo n'kumayang'ana pansi. Shamima anaona anthu atakweza mafoni m'mwamba akujambula, ndipo anangoti ndi ulemu umene akuwapatsa.

Miyezi inadutsa. Tsiku lina m'mawa, Shamima akusenda mtedza pakhonde, Safia anafika akupuma mwabefu, foni ija ili m'manja. Anagwada chapatali monga amachitira mpongozi.

"Amayi, taonani izi. Anditumizira anzanga a ku Namwera."

Pafoniyo panali atsikana ovala madiresi obiriwira ofanana, atandanda pamchenga woyera m'mbali mwa nyanja. Kamera inkawaonetsa kuchokera m'mwamba ngati mbalame. Kumbuyo kunkalira kiyibodi ndi ng'oma za m'makina, zothamanga. Atsikanawo ankamwetulira, mapewa akugwedezeka. Mawu amene ankaimba anali a Shamima, osasintha ngakhale limodzi.

"Ndani ameneyu?" anafunsa Shamima, akuloza dzina limene linalembedwa pansi.

"Ndi Che Swadick, a situdiyo ya ku Boma. Akuti nyimboyi ili paliponse, m'maminibasi, pawailesi, mpaka ku Joni komweko."

Shamima anaonera mpaka kumapeto. Anabweza foniyo, n'kupitiriza kusenda mtedza. Patapita kanthawi Safia anaona kuti apongozi ake akuponya njere m'makoko, makoko m'lichero.

Sabata yotsatira Shamima anakwera njinga yamoto mpaka pamsewu wa tala, n'kukwera minibasi yotsika phiri la Chowe. M'minibasimo nyimboyo inalira, ndipo kondakitala ankaiimbira mluzu akutolera ndalama. Atawoloka mlatho wa pa Shire anafunsa anthu, ndipo anamulozera kuseri kwa sitolo yogulitsa mafoni pafupi ndi msika.

Situdiyoyo inali kachipinda kamodzi kogawidwa pakati ndi galasi. Makoma anawamata masiponji akuda. Padenga panali masola, ndipo pakona panali mabatire akuluakulu atasanjikizana. Patebulo panali kompyuta, kiyibodi ndi kamera. Swadick anali bambo wamsinkhu wapakati, wandevu zometa bwino, woyenda motsimphina pang'ono. Anamulandira ndi salaamu n'kumupatsa mpando.

"Ndikuthandizeni chiyani, mayi?"

"Ndabwera kudzaona kumene nyimbo ya mwana wanga ikugona."

Swadick sanamvetse. Shamima sanafotokoze. Anangoyamba kuimba, motsitsa, pa liwiro limene a Awa anaikhazikira. Asanamalize ndime yoyamba, Swadick anathimitsa fani imene inkazungulira patebulo kuti amve bwino. Atamaliza, bamboyo anagwira chibwano.

"Ndinu a ku ziyala ya ku Chowe," anatero. "Ndinaimva pafoni ya munthu, phokoso lokhalokha, nkhope zosaoneka. Ndinafunsa eni ake, anangondiuza kuti ndi amayi ena a kumapiri."

"Kumapiri si kunja kwa dziko, achimwene. Njinga zimafika."

"Zoona. Sindinafufuze mokwanira. Ndinaopa kuti wina andiyambirira."

Shamima anamuuza za Shafi, za bokosi pakati pa mafiriji. Swadick anamvetsera, kenaka anakweza buluku n'kumuonetsa chilema cha pabondo.

"Inenso ndakhalako kumeneko zaka zambiri, mayi. Ndinkagwira ntchito yomanga. Ichi ndinagwa pamakwerero. Zonse mukuziona muno ndinazigula kumeneko, chimodzichimodzi, ndikugona pansi m'chisakasa. Ndinabwera nazo pangolo ngati yomwe mukunenayo. Tsiku limene ndinamva nyimbo yanu sindinadye."

Shamima anayang'ana kompyuta, mabatire, kamera. Dziko lomwelo limene linam'bwezera mwana m'bokosi ndi limene linapatsa munthu uyu makina otengera nyimbo yake. Anafuna kumukwiyira kwambiri, koma mkwiyowo unasowa pogwira.

"Ngati simunadye, n'chifukwa chiyani atsikana anu akuseka? Mwaisandutsa ya chinkhoswe."

"Nyimbo yozizira sailiza m'minibasi. Anthu amafuna yogunda. Ndikunena zimene ndimaona pamsika, mayi. Oimba bwino alipo ambiri m'boma lino, ena kuposa atsikana anga. Koma amene ali ndi magetsi osathima, kamera ndi intaneti ndi amene amamveka. Enawo amathera pomwe mawu awo athera."

Swadick anati dzina la Shamima alilemba pansi pa kanemayo kuti aliyense adziwe wopeka. Anawonjeza kuti ngati akufuna, aijambulenso mwini wake akutsogolera, atsikana aja akuvomera.

"Nanga anzanga?"

"Muno mukuona nokha kuchepa kwake. Ndiponso amayi akuluakulu savomerezana ndi ng'oma ya kompyuta, amatsalira. Tingathe tsiku lonse, mabatire n'kutha. Bwerani nokha."

"Ndekha ayi," anatero Shamima, n'kudzuka.

Anabwerera ku Katuli mtima uli m'malo, akuganiza kuti wachita zoyenera. Lachisanu anthu atachoka kumzikiti, gulu linakumana pansi pa mtengo wa mango kwa a Awa, ndipo anawafotokozera zonse. Ankayembekeza kuti amuyamikira. Amayiwo anangoyang'anana.

"Ndiye unakana," anatero a Awa.

"Ndinakana, amayi. Sindingakusiyeni."

"Unatifunsa?"

A Awa anapitiriza.

"Iwe Shamima, ine ndinayamba kumenya dufu usanabadwe. Amene anandiphunzitsa anapita, ndipo palibe amene angakuuze kuti mawu awo ankamveka bwanji. Ifenso tikupita chimodzimodzi. Munthu wakutsegulira chitseko, iwe wachitseka poti ndi chopapatiza. Bwenzi utamuuza kuti tibwera tonse, tikapanikizane momwemo."

Safia, amenenso ankaimba m'gululo, ndiye anaimba foni. Analankhula ndi Swadick kangapo, modekha koma mosabwerera m'mbuyo, mpaka bamboyo anavomera kuwapatsa tsiku limodzi nandolo akatha kukolola.

Si onse anapita. Ena amuna awo anakana, ena anali ndi odwala pakhomo. Amene anatha kupita anakwera lole ya wogula nandolo, atakhala pamwamba pa matumba, madufu atawakulunga m'zitenje. Unali mwezi wa Okutobala. Potsika phiri la Chowe kutentha kwa kunyanja kunawalandira ngati akulowa mu uvuni wa njerwa. A Awa anachita chizungulire, ndipo atafika anayamba agona pakhonde la sitolo Safia akuwakupiza ndi mpango.

Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa. Swadick anati mabatire alipo, koma asawataye pachabe. Anayesa kuwajambula awiriawiri, atavala zomvera m'makutu, akutsatira kugunda kwa kompyuta. Zinakanika. Amayiwo anazolowera kuimba akuyang'anana, wina akapuma mnzake n'kulowa. Atawatsekera paokha kuseri kwa galasi, mawu ankanjenjemera, ena n'kuiwala ndime zimene anaziimba kambirimbiri. A Awa anavula zomverazo n'kuziika pansi.

"Kachitsulo kakugunda m'khutuka kakundithamangitsa, mwanangu. Sindikumva anzanga."

Swadick anayang'ana kachipangizo ka pamabatire, kamene kanali katayamba kuonetsa kuwala kofiira.

"Yatsala mphamvu yochepa," anatero. "Lowani nonse. Ndiika maikolofoni imodzi pakati. Mukalakwitsa, basi, zikhala momwemo."

Analowa n'kupanikizana, mapewa kukhudzana, thukuta likuyenderera m'mipango. Fani inali yothimitsa kuti isamveke. A Awa anakhala pampando pakona n'kuyamba kumenya dufu pang'onopang'ono. Shamima anatseka maso n'kuyambitsa. Pandime yotchula mwana wosiyidwa kumsana, mawu a Safia anaduka, ndipo kunamveka kusisima kwake, koma anzake anamunyamula mpaka analowanso. Anafika kumapeto osaima. Pasanapite nthawi makina analira n'kuzima.

Swadick anatuluka panja n'kukaima payekha. Atabwerera anafunsa ngati achotse kusisima kuja magetsi akayaka.

"Kusiyeni," anatero Safia, asanayankhe apongozi ake.

Nyimboyo inatuluka patapita masabata angapo. Inalibe kanema, poti kupita ndi gulu lonse kunyanja kukanafuna galimoto, zovala zatsopano ndi tsiku lina, zomwe amayiwo analibe. Swadick anaikapo chithunzi chimodzi chimene anawajambula ataima pakhomo la situdiyo, maso atatsinzina ndi dzuwa. Anasunga lonjezo lake, dzina la Shamima analilemba ponseponse. Wailesi ina ya m'deralo inaiulutsa kangapo m'mawa. Ku Katuli anthu anaimvera pafoni ya Safia mpaka batire kutha, ndipo a Awa anaseka ngati kamtsikana atamva dufu yawo ikutuluka m'kabokosi.

Koma kutali ndi kwawo sizinayende choncho. Anthu anali atazolowera ya atsikana ija, ndipo zilembo zing'onozing'ono za pansi pa kanema palibe ankaziwerenga. Tsiku lina Shamima ali pamzere kuchigayo cha ku Namwera, anamva mayi wina akuuza mnzake nyimboyo ikulira pawailesi.

"Amayiwa ndiye aiononga. Atengera ya atsikana a ku Boma aja, koma akuikoka ngati ali ndi njala."

Shamima anali kumbuyo kwawo, thumba la chimanga lili pamapazi. Anafuna kuwauza zoona. Akanayambira pati? Anagayitsa n'kubwerera kwawo.

Chaka chotsatira maukwati akuluakulu, makamaka a mabanja amene ana awo ankatumiza chuma kuchokera ku Joni, anayamba kuitana gulu la Swadick. Linkabwera pagalimoto, ndi jenereta, zokuzira mawu zazitali ngati munthu, ndi kamera yojambula mwambo wonse kuti achibale akunja aone. Mpaka ku Katuli komwe linafika, paukwati wa mwana wa wamalonda wina wa pamsika. Amayi a m'gulu la Shamima anaitanidwanso, koma anawapatsa nthawi ya m'mawa, kuseri kumene kunkaphikidwa mpunga, alendo asanafike.

Masana atsikana aja anaimba nyimbo ya Shafi pabwalo, anthu n'kumavina. Swadick anatenga maikolofoni n'kulengeza kuti wopeka nyimboyo ali pomwepo, ndipo anthu anaomba m'manja. Mtsikana wotsogolera anabwera kudzagwada pamaso pa Shamima n'kumugwira dzanja mwaulemu. Anali mwana wabwino, wamawu okoma. Shamima anamudalitsa, ndipo anachita zimenezo ndi mtima woona. Koma nyimbo itayambanso anachoka pabwalopo n'kukathandiza kutsuka mbale.

Anali ndi nyimbo ina yatsopano nthawi imeneyo, yonena za mvula yochedwa ndi mbewu zopserera m'nthaka. Gulu lonse linkaidziwa. M'mawa uja kuseri kophikira, a Awa anamunong'oneza kuti aiyambitse. Shamima anaona anyamata awiri atakweza mafoni, ndipo anapukusa mutu n'kuyambitsa yakale imene aliyense ankaidziwa.

"Tidzaiimba liti tsono?" anafunsa a Awa pobwerera.

"Ikajambulidwa kaye, amayi."

"Ndiye kuti nyimbo tsopano tiziibisa ngati mbewu ya chaka chamawa."

"Sindikudziwa. Mwina."

A Awa anangoyenda pang'onopang'ono, dufu ili kukhwapa.

Patapita masiku ochepa Safia anabwera kunyumba kwa Shamima. Anakhala pamphasa nthawi yaitali akukamba za nkhuku ndi za chifuwa cha mwana, kenaka anafika pa chimene anabwerera.

"Amayi, ndalankhula ndi Che Swadick. Akufuna munthu wogulitsa m'sitolo ya mafoni ija. Ndawauza kuti ndivomera ngati masana azindiphunzitsa makina a m'situdiyo. Avomera. Ndikakhala kwa azakhali anga ku Boma."

"Mwana?"

"Akhala ndi amayi anga. Muzimuona monga mwa masiku onse."

Shamima anayang'ana mpongozi wakeyo. Anali ataonda chimwalirireni Shafi, koma m'maso mwake munali chinthu chimene sanachionemo kwa nthawi yaitali.

"Ukaphunzira, ndiye makinawo uwatenga kuti? Kuno ngakhale waya wa magetsi sanafike."

"Sindikudziwa, amayi. Sola imodzi ndi kompyuta yakale zikhoza kuyambitsa. Mwina zitenga zaka. Koma tsiku lija tinajambula, ine ndinkayang'ana manja awo. Si zamatsenga. Ndi zinthu zoti munthu akhoza kuphunzira."

"Anthu adzakunena. Mkazi wamasiye kukakhala kutauni."

"Akundinena kale ndili konkuno."

Shamima anafuna kumuletsa. Safia ndiye anali mawu okwera a gululo, ndipo kupatula apo, anali munthu yekhayo amene ankatha kukhala naye chete osafunika kufotokoza chilichonse. Koma anakumbukira kuti anakanirapo kale anthu chinthu asanawafunse, ndipo sanafune kubwereza.

"Pita," anatero. "Ukaswali nthawi yake. Ukadwala usabise, upite kuchipatala."

Anamuperekeza Lolemba m'mawa mpaka pamsika pomwe pamaima njinga zamoto. Anamupatsa kathumba ka mtedza wokazinga ndi mpango wake woyera wa gulu, umene anauchapa ndi kuusita. Safia anakwera, chikwama chili pamiyendo, ndipo njingayo inanyamuka kulowera kumsewu wa tala. Shamima anaima mpaka fumbi litakhazikika, kenaka anadutsa kwa amake a Safia kukaona mdzukulu wake, amene anamupeza akulira, n'kumubereka kumsana mpaka atagona.

Lachisanu gulu linakumana kwa a Awa monga mwa nthawi zonse. Atayamba nyimbo ya mvula, pamalo pomwe Safia ankakwera panangokhala mpata, ndipo onse anaima. Shamima anayang'ana amayiwo mmodzimmodzi. Kumapeto kunali Elina, mayi wamanyazi amene analowa Chisilamu pokwatiwa ndipo ankaimba motsitsa kumbuyo kwa anzake.

"Elina, sendera kuno. Tayesa iwe."

"Ine sindingafike pamenepo, amayi."

"Lero sufika. Tayesa basi."

Elina anasendera, n'kukonza mpango wake. A Awa anayambanso kumenya dufu.